Matope a Pansi pa Nyanja Monga Mboni: Phunziro la ku Minamata

Madzi oipa akathiridwa m'nyanja, mafunde amawabalalitsa m'masiku ochepa, ndipo wofuna umboni angatunge madziwo osapezamo kanthu. Matope a pansi sachita chomwecho. Mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chimene chinkapezeka m'zipangizo zakale zoyezera kutentha kwa thupi, amakakamira ku tinthu ta dothi ndi ku zomera zowola, n'kumira nazo pansi, kumene amakhala zaka makumimakumi. N'chifukwa chake ofufuza gwero la poizoni ameneyu amayamba ndi matope.

Mzinda wa Minamata uli m'mphepete mwa nyanja ya mchere, pa chilumba cha Kyushu ku Japan. Kuyambira mu 1932, fakitale ya kampani ya Chisso inkapanga mankhwala otchedwa acetaldehyde pogwiritsa ntchito mekyule, ndipo madzi otsala ankatayidwa padoko la Hyakken. Zizindikiro zinayamba ndi nyama: amphaka ankazungulirazungulira ngati openga, ena n'kugwera m'nyanja, ndipo mbalame zinkagwa zikuuluka. Pa 1 Meyi 1956, Dr. Hajime Hosokawa, mkulu wa chipatala cha fakitaleyo, anadziwitsa akuluakulu a zaumoyo za nthenda yachilendo ya ubongo. Odwala ankamva dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ankayenda modzandira, lilime linkalemera, ndipo maso ankalephera kuona za m'mbali. Ambiri anali a m'mabanja a asodzi. Poyamba anthu ankaiyesa nthenda yopatsirana, motero odwala anasalidwa ndi anansi awo.

Mu 1959 akatswiri a pa yunivesite ya Kumamoto anayeza matope otapidwa m'malo osiyanasiyana. Pamene ngalande ya fakitale inkathirira m'nyanja anapeza makilogalamu 2 a mekyule m'tani imodzi ya matope, ndipo kuchuluka kwake kunkatsika akamalowera kunyanja yakuya. Imeneyi ndiyo njira yoyamba yolondolera gwero, ndipo nzeru yake ndi yofanana ndi ya mlenje wotsata mapazi a nyama: kumene poizoni akuchulukira ndiko akuchokera. Umboni wina unaperekedwa ndi kampaniyo mosadziwa. Mu 1958 inapatutsa madzi ake kuti azithirira kumathero a mtsinje wa Minamata, ndipo odwala atsopano anayamba kupezeka m'midzi ya mbali imeneyo.

Ngakhale zinali choncho, oikira kumbuyo mafakitale anabweretsa zifukwa zina. Ena anati vuto ndi mabomba amene anatayidwa m'nyanja nkhondo itatha, ena anati ndi nsomba zowola. Dr. Hosokawa anadyetsa mphaka chakudya chosakaniza ndi madzi a m'fakitale, mphakayo n'kudwala nthenda yomweyo, koma kampani inabisa zotsatirazo. Boma la Japan linavomereza gwero la nthendayi mu Seputembala 1968, fakitale itasiya kale kupanga mankhwalawo mwanjira imeneyo. Zaka 9 zinapita umboni wa matope uli poyera, ndipo pa zaka zonsezo anthu anapitiriza kudya nsomba. Chimene chinasowa si sayansi.

Masiku ano ofufuza safunsa za malo okha, amafunsanso za nthawi. Amakhomera paipi yaitali pansi pa nyanja n'kuizula itadzaza matope osasokonezeka, kenako amawadula m'magawo opyapyala. Matope amaunjikana chaka ndi chaka, akale pansi, atsopano pamwamba. Msinkhu wa gawo lililonse umadziwika poyeza lead-210, imene imachepa ndi theka pa zaka pafupifupi 22 zilizonse, komanso caesium-137, imene inagwa yochuluka padziko cha m'ma 1963 chifukwa cha kuyesa mabomba a nyukiliya m'mlengalenga. Magawo a pansi penipeni amasonyeza mekyule wachilengedwe wochokera m'miyala. Ngati kuchuluka kwake kwalumpha pa gawo la zaka zimene mgodi kapena fakitale inatsegulidwa, mwini wake amavutika kukana.

Pamene magwero ali angapo, monga migodi, utsi wa malasha ndi zinyalala za m'mizinda, amayeza kulemera kwa timbewu ta mekyuleyo. Pali mitundu 7 yokhazikika yolemera mosiyana pang'ono, ndipo kasakanikidwe kake kamasintha malinga ndi kumene mekyule wachokera ndi zimene wadutsamo. Njirayi yathandiza ku San Francisco Bay ku America kusiyanitsa mekyule wa mgodi wa New Almaden ndi amene okumba golide ankagwiritsa ntchito kumapiri a Sierra Nevada.

Kuopsa kwa matope otere n'kwakuti sangosunga poizoni. M'matope osowa mpweya muli mabakiteriya amene amasandutsa mekyule kukhala methylmercury, mtundu umene umalowa m'tizilombo ta m'madzi, kenako m'nsomba zazing'ono, n'kuchuluka kwambiri m'nsomba zodya zinzake. Kuphika kapena kuwamba sikuuchotsa. Umadutsanso kwa mayi kupita kwa mwana wosabadwa, ndipo ku Minamata ana ena anabadwa olumala amayi awo akuoneka athanzi.

Lero gwero lalikulu la mekyule wotayidwa ndi anthu padziko ndi ukumbi wa golide wa anthu wamba, amene amamugwiritsa ntchito kugwira timbewu ta golide n'kumuwotcha. Izi zimachitika ngakhale kufupi, monga m'chigawo cha Manica ku Mozambique, kumene mitsinje imatsikira ku nyanja ya mchere cha ku Beira. Pangano la mayiko lochepetsa mekyule, limene linasainidwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017, linatchedwa dzina la Minamata.

Kuyeretsa Minamata Bay kunatenga kuyambira 1977 mpaka 1990, ndipo kunadya ndalama zokwana 48.5 biliyoni yen. Matope oipitsitsa anakokoledwa n'kukwiriridwa pansi pa malo okwana mahekitala 58, pamene tsopano pali paki. Ukonde umene unatchinga nsomba za m'menemo kuyambira 1974 unachotsedwa mu 1997.