Phunziro la zaumoyo: Ululu ukapitirira miyezi itatu



Kwathu kuno ku Lirangwe ndi ku Chileka, mawu oti "msanawu" kapena "nyamakaziyi" timawamva pafupifupi tsiku lililonse. Agogo akulephera kufika pa sijida, bambo wa kabaza akugona chammbali usiku wonse, mtsikana wa Fomu 3 akujomba masiku awiri mwezi ndi mwezi. Ambirife timangothamangira pa okala kukagula Panado kapena Brufen. Ena timangoti ndi mayeso ochokera kwa Allah, tipirire. M'phunziro lino tiona chifukwa chake mapiritsi okha, kapena kukhala chete kokha, sikokwanira.

Ululu wokhalitsa n'chiyani?

Ululu uli ngati mlonda wa thupi. Tikaponda munga, mitsempha imathamangitsa uthenga ku ubongo kuti tichotse phazi, ndipo bala likapola mlondayo amakhala chete. Koma pali ululu wina umene sutha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, limati ululu umene wapitirira miyezi itatu, kapena umene umangobwerabwera kwa nthawi yotero, ndi ululu wokhalitsa.

Nthawi zina ululu wotere umakhalapo chifukwa matenda amene anauyambitsa akadalipo. Nthawi zina malo aja anapola kalekale, koma mitsempha inazolowera kukuwa, monga mlonda amene anaberedwapo amaliza wenzulo ngakhale mbuzi ikangokhudza mpanda. Munthuyo sakunama ndipo si waulesi. Ululuwo ndi weniweni, ndipo umakula akamasowa tulo, akamada nkhawa kapena akangokhala osayenda.

Ululu si umodzi ayi. Sing'anga wotchuka wachisilamu, Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, anasiyanitsa mitundu 15 ya ululu, wina wobaya, wina wofinya, wina wogunda ngati mtima. Mpaka lero dokotala amafunsa kuti, "Kukupwetekani bwanji?" chifukwa yankho lake ndi limene limamulozera mankhwala oyenera.

Mitundu imene timakumana nayo kawirikawiri

*Msana.* WHO imati mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni anali ndi vuto la kupweteka kwa msana cham'chiuno, ndipo ndilo vuto limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito padziko lonse. Kwathu kuno zifukwa tikuzidziwa: kuwerama tsiku lonse ndi khasu, kusenza ndowa ndi nkhuni, kukankha njinga ya matumba a makala mumsewu wa M1 kulowera ku Blantyre. Kawirikawiri fupa silinathyoke, ndi minofu ndi mfundo za msana zimene zatopa. Kugona masiku ambiri kumaumitsa msana. Chothandiza ndi kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, kupumira pa ntchito, ndi kupinda mawondo ponyamula katundu, katunduyo ali pafupi ndi thupi.

*Nyamakazi.* Nsonga za mafupa zimakutidwa ndi kamnofu koterera. Munthu akamakula kamnofuko kamaperepeseka, makamaka m'mawondo ndi m'chiuno, ndipo mfundo zimauma m'mawa kapena munthu akakhala pansi nthawi yaitali. Kulimbitsa minofu ya ntchafu, kuchepetsa thupi ngati lanenepa, kuthowa ndi nsalu yofunda ndi kuyendera ndodo zimapeputsa ululu. Koma ngati mfundo za zala za manja onse awiri zatupa, zikutentha ndipo zikuuma m'mawa kupitirira ola, umenewo ndi mtundu wina wa nyamakazi wofunika mankhwala akuchipatala msanga, zala zisanapindike.

*Ululu wa mitsempha.* Uwu umamveka ngati moto, singano kapena dzanzi, makamaka kumapazi usiku. Umabwera ndi matenda a shuga, HIV, kapena pambuyo pa mashingozi. Panado ndi Brufen sathandiza kwenikweni pa ululu umenewu. Kuchipatala amapereka mankhwala ena monga amitriptyline, amene amamwedwa usiku ndipo amatenga masabata kuti ayambe kumveka. Wodwala shuga aziyang'ana mapazi ake tsiku lililonse pochita wudhu, chifukwa phazi ladzanzi limavulala mwini wake osamva.

*Mutu ndi m'mimba mwa kumwezi.* Awa ndi amene amavutitsa kwambiri ophunzira. Mutu waching'alang'ala umagunda mbali imodzi, umabwera ndi nseru ndi kudana ndi kuwala. Njala, ludzu ndi kuchezera powerenga zimaudzutsa. Chodabwitsa n'chakuti kumwa mapiritsi a mutu masiku 15 kapena kuposa pa mwezi kumayambitsanso mutu wina wosatha. Atsikana, kupweteka kwa m'mimba pa nthawi ya kumwezi kumene kukukulepheretsani kubwera kusukulu si chinthu chongozolowera. Auzeni amayi kapena aphunzitsi aakazi, mukaonane ndi anamwino.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati msana ukupweteka ndipo miyendo yafooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha. Chimodzimodzi ngati mutu wayamba mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa kale lonse, kapena wabwera ndi kuuma khosi, kukomoka kapena kupindika pakamwa. Musachedwenso ngati ululu ukutsagana ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Mayi amene akumva ululu m'chinena ndi kutaya magazi pamene anasiya kale kupita kumwezi akayezetse khomo la chiberekero.

Poyambira ndi pachipatala chathu cha Lirangwe kapena cha Chileka, ndipo pa Lunzu pali chipatala cha Mlambe. Zikafunika, amatumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli madokotala a mafupa ndi a mafizo. Ku Queens komweko kuli kiliniki ya Tiyanjane, yosamalira odwala matenda aakulu monga khansa, kuphatikizapo kuwachepetsera ululu ndi morphine. Maulama ambiri amaloleza mankhwala otere akalembedwa ndi dokotala chifukwa cha matenda, choncho m'bale wathu asabuule usiku wonse poopa kuti akuchita haramu.

Mapiritsi a pa okala

Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi asanu ndi atatu a Panado a 500 mg pa tsiku, awiriawiri, motalikitsa maola anayi kapena kuposa. Kupyola apo kumaononga chiwindi. Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin ndi a banja limodzi, ndipo sayenera kuphatikizidwa. Akamwedwa masabata ambiri amayambitsa zilonda zam'mimba, amaononga impso ndi kukweza BP. Chimbudzi chakuda ngati phula ndi chizindikiro choti m'mimba mukutuluka magazi. Amayi oyembekezera asamwe mankhwalawa popanda uphungu wa kuchipatala, ndipo ana osakwana zaka 16 asapatsidwe aspirin. Kutema mphini ndi lezala limodzi kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B.

Chipembedzo chathu chikutiphunzitsa chiyani?

Sabr si kubisa matenda. Mneneri Ayyub (AS), amene timamutchula tikamanena za kupirira, anadandaulira Mbuye wake za vuto lake ndipo anachiritsidwa. Mtumiki Muhammad (SAW) analimbikitsa anthu kufunafuna mankhwala. Swahaba wina, Imran bin Husain (RA), anali ndi matenda omuvutitsa pa Swala, ndipo Mtumiki (SAW) anamuloleza kuswali atakhala pansi ngati kuimirira kwakanika, kapena atagona chammbali ngati kukhalanso kwakanika. Nkhaniyi ikupezeka mu Sahih al-Bukhari. Choncho agogo amene akuswali pampando Swala yawo ndi yokwanira.

Pa Ramadhan, Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, ikupereka chilolezo kwa wodwala. Amene akuyembekeza kuchira adzabweza masiku ake, ndipo amene matenda ake ndi osatha amapereka fidya podyetsa wosauka pa tsiku lililonse. Amene akufuna kusala akambirane ndi achipatala mwezi usanaoneke, kuti aone ngati mankhwala ake angasunthidwe kufika pa daku ndi pa futari. Asasiye yekha mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV, ndipo Brufen asamwedwe m'mimba mopanda kanthu.

Mbali ya aliyense

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wodwala ndiye ayenera kuyamba kulankhula, koma ena tonse timve.

Ophunzira, thandizani agogo kulemba m'kope tsiku limene ululu wabwera, malo ake, mmene ukumvekera ndi mapiritsi amene amwa. Kope limeneli lipite kuchipatala pamodzi ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Alandireninso ndowa ndi mtolo wa nkhuni.

Makolo, mwana akadandaula mutu kapena m'mimba mobwerezabwereza, musafulumire kunena kuti akuthawa sukulu. Tiuzeni aphunzitsi kuti tione mmene tingamuthandizire asatsalire pa maphunziro.

A komiti ya mzikiti, tikupempha mipando ingapo kumapeto kwa mizere, mbali ya abambo ndi ya amayi yomwe, pokhalira pamalo a wudhu, ndi chogwirira pamasitepe. M'bale amene wasiya kubwera ku Jumu'ah chifukwa cha mawondo ayenderedwe kunyumba.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. Kodi ululu umatchedwa wokhalitsa ukatha nthawi yaitali bwanji?
2. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika kupita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.
3. N'chifukwa chiyani Brufen ndi Indocid siziyenera kumwedwa pamodzi?
4. Mungawafotokozere bwanji agogo amene akuopa kuswali atakhala pampando?

Tikupempha Allah kuti achiritse odwala athu onse ndi kuwalipira amene akuwasamalira. Ameen.