Phunziro la Mwezi Uno: Kusamala Tsitsi Lathu ndi la Ana Athu Pakhomo

Amayi anzanga, tikamadzikonza pa Loweruka madzulo kapena tikamaluka ana athu pa tchuthi, kawirikawiri timati kukongola n'kupirira. Mwana akulira, ife tikukokabe. Phunziro la lero likutikumbutsa kuti tsitsi lolukidwa bwino silipweteka.

1. Tilidziwe tsitsi lathu

Tsitsi lathu ndi lopotana. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutika kufika kunsonga chifukwa cha kupotanako. N'chifukwa chake limauma msanga ndipo limaduka tikalipesa mwamphamvu. Limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho limene taliwononga Loweruka limodzi limatenga miyezi kuti libwerere.

2. Kuopsa kokoka tsitsi

Mu 2007, Pulofesa Nonhlanhla Khumalo ndi anzake a ku yunivesite ya Cape Town anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse amene anawayeza anali atathothoka tsitsi chifukwa cholikoka poluka. Vutoli linali lalikulu kwa amene amaluka tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala. Limayambira m'mbali mwa chipumi. Tikaleka kukoka msanga, tsitsi limameranso. Tikapitiriza kwa zaka, mizu imafa ndipo dazilo limakhala mpaka kalekale. Mutu ukamapweteka, tiziphuphu tikatuluka, kapena mwana akalephera kugona, masulani tsiku lomwelo osaganizira ndalama imene mwalipira.

3. Zoyenera kuchita

a) Sambitsani mutu kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri ndi madzi ofunda. Sopo wochapira zovala amaumitsa tsitsi.

b) Pesani likadali lonyowa pang'ono. Ligaweni panayi, yambani ndi zala, kenaka chipeso cha mano otalikirana, kuchokera kunsonga kutsikira kumizu.

c) Mafuta sanyowetsa tsitsi, amangosunga chinyezi. Choncho yambani mwawaza madzi, kenaka mudzole mafuta pang'ono monga a nsatsi.

d) Kuno ku Luwinga, m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira ndipo tsitsi limachedwa kuuma. Sambitsani m'mawa, ndipo musamange duku pa tsitsi lonyowa.

e) Meshi isapitirire masabata 6 mpaka 8 m'mutu. Mukamasula, pumitsani tsitsi musanalukenso. Kumanga ndi ulusi monga ankachitira amayi athu kumaliwongola popanda moto, bola osamangitsa.

f) Mankhwala ambiri owongolera tsitsi ndi aukali moti amawotcha khungu. Musawapake ana aang'ono.

g) Aliyense pakhomo akhale ndi chipeso chake. Zipere za m'mutu zimapatsirana kudzera m'zipeso ndi m'makina ometera, ndipo sizitha ndi mankhwala opaka okha, zimafuna akumwa. Pitani ndi mwanayo ku chipatala.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi mwana akadandaula kuti mutu ukupweteka tikuluka, timamuyankha chiyani?
2. Ndi mawu otani amene timanena pa tsitsi la atsikana athu? Kodi akamva kuti ndi "louma" kapena "lovuta", amadziona bwanji?
3. Ndani mwa ife amadziwa kumanga ndi ulusi kuti aphunzitse anzake?

Pa msonkhano wotsatira, mayi aliyense abwere ndi chipeso, ulusi ndi mafuta amene amagwiritsa ntchito kunyumba kuti tidzaphunzitsane.