Mbale ya Sipageti ya ku Lesitilanti: Thupi Limapindulanji?

Ambiri a ife tikalandira kandalama kochokera kwa makolo, kapena mnzathu akamakondwerera tsiku lake lobadwa, timapita m'tauni kukadya chakudya chosiyana ndi nsima ya nyemba ya masiku onse. Chimodzi mwa zakudya zimene timakonda kuitanitsa ndi sipageti wothira msuzi wa nyama yogaya ndi tomato, amene pa mndandanda wa zakudya amalembedwa kuti spaghetti bolognese. Amakoma ndipo amakhutitsa, koma mtengo wake si wamasewera kwa wophunzira. Tiyeni tione zimene thupi limapeza m'mbale imeneyi ndi zimene limasowa.

Kumene msuziwu unachokera

Dzina la bolognese limachokera ku mzinda wa Bologna, kumpoto kwa Italy. Eni ake amautcha msuziwu ragù, ndipo nthawi zambiri amadyera tagliatelle, pasta wophwatalala wokandidwa ndi mazira. Mu 1982 bungwe la Accademia Italiana della Cucina linalembetsa kaphikidwe kake ku ofesi ya zamalonda ya mzindawu. M'kaphikidweko muli nyama ya ng'ombe, nyama ya nkhumba yothira mchere yotchedwa pancetta, anyezi, karoti, selari, tomato, vinyo ndi mkaka.

Kwa ife amene timatsatira malangizo a pa Levitiko 11 ndiponso timapewa zoledzeretsa, mfundo imeneyi ndi yofunika. Nyama ikagayidwa n'kusakanizidwa ndi tomato, diso silingazindikire kuti ndi ya chiyani. Malesitilanti ena amaphika ndi ng'ombe yokha, ena amasakaniza. Choncho tisanaitanitse, tizifunsa mwaulemu: "Pepani achimwene, msuziwu mwaphika ndi nyama yanji? Mwathiramo vinyo?" Kufunsa sikuchititsa manyazi.

Tiyeze ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya

Ku pulayimale tinaphunzira kuti chakudya cha tsiku chizichokera m'magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za m'gulu la nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tiyeze mbale yathu ndi muyeso umenewu.

Sipageti ali m'gulu la zokhutitsa, pamodzi ndi nsima, mpunga ndi chinangwa. Amapangidwa ndi ufa wa tirigu wolimba wotchedwa durum. Magalamu 100 a sipageti wophika amakhala ndi makalori pafupifupi 160, magalamu 30 a sitachi ndi zina zopatsa mphamvu, komanso magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni. Sipageti woyera ali ngati ufa woyera: tiriguyo amayamba wamuchotsa gaga ndi mtima. Mu gagamo ndi mmene mumakhala fayiba wambiri, mbali ya chakudya imene sigayika m'mimba koma imathandiza kuti munthu asadzimbidwe. Sipageti wa tirigu wosakonola ali ngati mgaiwa, ndipo fayiba wake amachuluka kuposa wa woyera.

Nyama yogaya ili m'gulu la zochokera ku nyama. Magalamu 100 a nyama ya ng'ombe yophika amapereka magalamu pafupifupi 25 a mapuloteni omanga thupi. Mulinso ayironi wothandiza kupanga magazi, zinki ndi vitamini B12, amene sapezeka mwachilengedwe m'zomera. Vuto lake n'lakuti nyama yogaya yotsika mtengo imakhala yonona kwambiri, ndipo mafuta a nyama akachuluka m'zakudya amakweza kolesitero m'magazi.

Tomato, anyezi ndi karoti ali m'gulu la zamasamba. Tomato ali ndi potaziyamu, vitamini C ndi laikopini, chinthu chimene chimamufiiritsa. Chochititsa chidwi n'chakuti thupi limayamwa bwino laikopini tomato akaphikidwa ndi mafuta pang'ono kusiyana ndi akakhala wosaphika. Koma vitamini C amachepa msuzi ukakhalitsa pamoto. Komanso masupuni ochepa a msuzi sangakwanitse zimene bungwe la WHO limalangiza, zoti munthu wamkulu azidya magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso pa tsiku.

Zamafuta zilimo, mwinanso zochuluka. Za m'gulu la nyemba ndi zipatso mulibiretu. Ndiye kuti mbaleyi ili ndi magulu anayi, koma masamba ndi ochepa.

Tichite masamu

Tiyerekeze kuti atipatsa magalamu 300 a sipageti wophika, magalamu 100 a nyama ndi masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira. Sipagetiyo apereka makalori pafupifupi 480. Nyamayo ipereka pafupifupi 250, malinga ndi kunona kwake. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndiye ziwiri ndi 240. Zonse pamodzi zikuyandikira 1,000, tisanawerengere tchizi wowaza pamwamba kapena botolo la chakumwa cha shuga. Munthu wamkulu amafunika makalori apakati pa 2,000 ndi 2,500 pa tsiku, kutengera thupi lake ndi ntchito imene amagwira. Apa mbale imodzi yatenga kale pafupifupi theka.

Onani mmene mafuta akwezera chiwerengero ngakhale kuti saoneka. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya sitachi kapena ya mapuloteni ili ndi 4 okha. Kwa mnyamata amene akukasewera mpira madzulo, mphamvu imeneyi ili ndi ntchito. Kwa amene akukakhala mu laibulale tsiku lonse, yotsalayo thupi limaisunga ngati mafuta.

Mchere wobisika

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, womwe ndi wosadzaza n'komwe supuni yaing'ono. M'mbale ya sipageti mchere umalowa m'njira zingapo: m'madzi owiritsira, mumsuzi, m'timibulu tokometsera ndiwo, mu tomato wa m'chitini ndi mu tchizi. Ena a ife timawazanso wina tisanalawe n'komwe. Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi, matenda amene amayamba mwakachetechete n'kudzabweretsa sitiroko kapena kuwononga mtima ndi impso. Chizolowezi cha lilime chimayamba pa msinkhu wathu uno.

Tichite chiyani?

Sipageti wa bolognese si chakudya choipa. Ali ndi mphamvu ndi zomanga thupi zokwanira, kungoti amafunika kumuwongolera. Mbale ikakhala yaikulu, gawanani awiri kapena pemphani kuti akukulungireni theka, koma musalisiye pofunda mpaka mawa. Ndalama ya chakumwa cha shuga gulirani saladi kapena masamba, ndipo imwani madzi. Lawani kaye musanagwire botolo la mchere. Pobwerera, gulani nthochi, papaya kapena lalanje pamsika kuti gulu la zipatso lisasowe.

Amene sadya nyama angaphike msuzi womwewu ndi soya pisi, nyemba kapena mphodza. Zimenezi zili ndi mapuloteni, ayironi ndi fayiba, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Ayironi wa m'zomera amalowa bwino m'thupi tikadyera limodzi ndi chakudya cha vitamini C, monga tomato wosaphika kapena lalanje. Vitamini B12 ndiye azimupeza mu mkaka ndi mazira.

Mafunso okambirana

1. Pa zimene munadya dzulo, ndi magulu angati mwa asanu ndi limodzi amene analipo?
2. Mutapatsidwa ndalama ya mbale imodzi ya ku lesitilanti, mungagule chiyani pamsika chophikira anthu atatu chakudya cha magulu onse?
3. Kodi mungamufotokozere bwanji mwana wa Sitandade 6 kusiyana kwa chakudya chokhutitsa ndi chakudya chokwanira?