Mawu Awiri Amene Anatsala Pang'ono Kutilanda Azakhali

Azakhali anga anazolowera Fansidar. Kuyambira 1993 mpaka 2007, munthu wamkulu akadwala malungo m'Malawi muno ankalandira mapiritsi atatu, n'kumeza onse pompo, nkhani n'kutha. Chizolowezi chimenecho sichinawachoke m'mutu.

Tsiku lina thupi litawatentha anapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Atawabaya pachala, anawapeza ndi malungo. Pawindo la mankhwala analandira LA wa malungo ndi panado, ndipo mnyamata wogawayo, poona kutalika kwa mzere, anangoti: "Amayi, awa ndi awa mukamwe nthawi imodzi."

Iye ankatanthauza kuti LA ndi panado akhoza kumwedwera limodzi, popanda kudikira kuti ena ayambe atsika. Azakhali anamva zina: onse kamodzi, ngati Fansidar uja.

Apa m'pamene Chichewa chathu chimaterera. Tikati mvula ndi mphepo zafika nthawi imodzi, tikunena zinthu ziwiri zochitikira pamodzi. Koma tikati munthu wabweza ngongole yonse nthawi imodzi, tikunena kuti wapereka ulendo umodzi wokha, osabwereza. Mawu ndi omwewo, ndipo onse awiri, mnyamata uja ndi azakhali, sanaphonye chinenero. Kumsika chisokonezo chotere chimathera pa mkangano. Pa mankhwala chikhoza kuthera kumanda.

LA wa munthu wamkulu ndi mapiritsi 24: anayi poyamba, anayi ena pakapita maola 8, kenako anayi m'mawa ndi anayi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Panado wa 500mg sayenera kupitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Ameneyu ndiye amandiopsa kwambiri, chifukwa timamutenga ngati switi, pamene akachuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, munthu akuoneka bwinobwino tsiku loyamba.

Mdzukulu wa azakhali, pochokera kusukulu, anawapeza pakhonde atakhuthulira mapiritsi onse m'mbale, kapu ya madzi ili pambali, anayi atameza kale.

"Agogo, tadikirani! Onsewa?"

"Adokotala anena okha, mwana iwe."

Mwanayo anawaonetsa paketi ija, mmene mapiritsi anawaikira anayianayi, ndipo anathamanga kukaitana amayi ake. Akanachedwa pang'ono panjira, sindikudziwa kuti bwenzi tikunena zotani lero.

Inu amene mukuwerenga, musachoke pawindo la mankhwala musanafunse kuti ndimwe angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati. Ndipo mukaperekeza agogo kuchipatala, apempheni abwereze ndi pakamwa pawo zimene amva, wogawa mankhwala ali pomwepo.