M'mawa wa Chisanu ku Sharpevale

Sharpevale ndi malo amene ali m'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu. Munthu wochokera ku Balaka kupita ku Salima pa msewu wa M5 amadzera pamenepa asanafike ku Golomoti. Njanji imene inafika ku Salima m'chaka cha 1935 inadzeranso pomwepa. Kumadzulo kwake kuli mapiri aatali a ku Ntcheu, ndipo mtsinje wa Bwanje umayenda m'chigwamo kulowera kumpoto mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Anthu a kumeneko amalima chimanga ndi thonje, ndiponso amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku.

Alendo ambiri amadziwa Sharpevale ngati dziko lotentha, pakuti amadutsapo masana. Koma mlendo amene angagonepo mwezi wa Juni kapena wa Julayi adzafuna bulangete lachiwiri kusanache. Kodi chisanu chimenechi chimachokera kuti m'chigwa chotentha chotere? Masana dzuwa limatenthetsa nthaka. Usiku, kumwamba kukakhala kopanda mitambo, nthakayo imataya kutentha kwake pang'onopang'ono usiku wonse. Tsono mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, motero umatsetsereka kuchokera m'mapiri monga achitira madzi, n'kudzaunjikana pansi m'chigwa. Ndicho chifukwa chake kumazizira kwambiri dzuwa likakhala pafupi kutuluka, osati pakati pa usiku monga ena aganizira. M'madambo mumagwa nkhungu, ndipo pa udzu pamakhala mame.

Nthawi yomweyo imene thupi limakana kusiyana ndi mphasa ndiyo nthawi imene mlimi wa ziweto amadzuka. Mwezi wa Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, koma tambala amakhala atalira kale kawiri. Amayi amasonkha moto ndi kutereka madzi. Mnyamata wobusa amafunda nsalu, manja ali m'khwapa, n'kutsata abambo ake ku khola.

M'khola la ng'ombe simuzizira ngati kunja. Thupi la ng'ombe ndi lofunda pang'ono kuposa la munthu, ndipo ng'ombe zikagona mothithikana usiku wonse, malo onsewo amafunda. Mpweya wotuluka m'mphuno mwake umaoneka ngati utsi. Abusa amadziwa kuti pamene panagona ng'ombe pamakhala pofunda, ndiye amaimapo ndi mapazi awo osavala kanthu. Ena amapisa zala pakhosi pa ng'ombe yofatsa mpaka zalazo zitasiya kuuma. Kukoma kwake sakudziwa munthu amene amadzuka dzuwa litakwera.

Mlimi wanzeru sathamangira kutsegula chipata. Poyamba amaima chete kunja kwa mpanda, n'kumayang'ana. Amawerenga ziweto zake, pakuti fisi ndi mbala amayenda usiku. Kenaka amaona mmene iliyonse ikudzukira. Ng'ombe yabwinobwino imadzuka msanga, miyendo yakumbuyo ndiyo iyamba, ndipo imadziwongola msana. Mphuno yake imakhala yonyowa, makutu ali tcheru, ndipo imabzikula, ndiko kubweza udzu umene inameza dzulo kuti iutafune bwino. Koma ng'ombe imene yaima payokha, mutu uli pansi, mphuno ili gwa, ubweya utanyankhalala, yosabzikula, imeneyo yadwala. Masana ng'ombe zikamwazikana kubusa, zizindikiro zoterezi n'zovuta kuziona. Mlimi amayang'ananso ndowe ngati ili yamadzimadzi kapena yamagazi. Amapapasa m'makutu, kunsi kwa mchira ndi pakati pa miyendo kufuna nkhupakupa, chifukwa tizilombo timeneti timayamwa magazi ndi kufalitsa matenda amene angaphe thole m'masabata owerengeka. Akapeza chovuta amapatula chiwetocho n'kutuma mwana kukaitana alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Kudikira kuti tione mawa kwathetsa makola ambiri, ndipo ng'ombe imodzi ikafa, banja lataya ndalama za sukulu, za feteleza ndi zogulira chakudya m'chaka cha njala.

Mwana wongoyamba kumene kubusa amaona ngati uku n'kutaya nthawi. "Agogo, bwanji osangotsegula? Inetu ndazizidwa," amatero. Agogo ake amayankha kuti, "Taima kaye, mdzukulu wanga. Tandiuza, yamawanga ija yadzuka bwanji lero?" Mwanayo akalephera kuyankha, amadziwa yekha kuti maso ake anali kwina.

Zikatha izi, kukama kumayamba. Ng'ombe zambiri za m'midzi ya kuno ndi zamakolo, zija zokhala ndi linunda. Zimapirira kutentha ndi chilala, koma mkaka wake ndi wochepa, kawirikawiri lita imodzi kapena malita awiri patsiku. Zilinso ndi khalidwe lake: sizitulutsa mkaka mwana wake palibe. Chotero thole limagona m'kakhola kakekake, ndipo m'mawa amalitsegulira kuti liyamwe pang'ono. Mkaka ukayamba kutsika amalikokera pambali, pafupi ndi mutu wa make, n'kuyamba kukama. Wokama ayenera kusamba m'manja ndi kutsuka mawere a ng'ombe ndi madzi ofunda. Zala zozizira ng'ombe sizikondwera nazo, ndipo imatha kumenya chidebe ndi mwendo. Sayenera kukama mkaka wonse ayi, pakuti thole lomanidwa limakula monyentchera, ndipo ndilo ng'ombe ya mawa. Mkaka uja amausefa pa nsalu yoyera ndi kuuwiritsa, chifukwa mkaka wosawiritsa ungapatse anthu matenda monga chifuwa chachikulu. Wina amathira mu tiyi kapena m'phala, wina amausunga kuti ukhale chambiko.

Mawu ena amene timamva kukhola, monga "thole" ndi "nkhunzi", anabwera ndi Angoni. Angoni a Maseko, amene mfumu yawo yaikulu ndi Inkosi ya Makosi Gomani, anakhazikika m'dera la Ntcheu ndi Dedza m'zaka za m'ma 1800, ndipo kwa iwo khola la ng'ombe linali malo olemekezeka pamudzi.

Nkhuku sizivuta. Akazitsegulira zimalumpha zokha, ndipo mtsikana amaziwazira madeya ndi kuthira madzi abwino m'phale. Koma anapiye sapirira chisanu. Ayenera kukhala ndi make m'chitatanga mpaka kunja kutafunda, ndipo mmenemo amatetezekanso kwa mphamba.

Mbuzi ndizo zimalira kuposa zonse, koma ndizo zimatsegulidwa pomalizira. Pali chifukwa chake. Njoka zam'mimba zimaikira mazira amene amatuluka pamodzi ndi zitosi. Mazirawo akaswa, timphutsi tosaoneka ndi maso timakwera pa udzu wonyowa, ndipo mbuzi ikadya udzuwo yameza matenda. Dzuwa likaumitsa mame, timphutsito timabwerera pansi. Vutoli limakula m'dzinja ndi m'miyezi yotsatira, udzu usanaume. Tsono mlimi amazisiya zilire, amazimangirira nthambi za masamba m'khola, ndipo iye amasesa zitosi kunsi kwa khola lam'mwamba n'kukaziunjika pa dzenje la manyowa.

Pamene ntchito zimenezi zili mkati, kummawa kumayamba kufiira. Milambe, imene nyengo imeneyi imakhala itayoyola masamba, imaoneka bii ngati zimphona zotambasula manja. Kenaka dzuwa limasuzumira pamwamba pa mapiri, ndipo nkhungu ya m'dambo imayamba kunyamuka. Ng'ombe zimatembenuza nthiti zake kuloza kudzuwa n'kuima duu, maso ali otsinzina pang'ono. Ana a mbuzi amakwera pa mtondo wogwa. Galu amachoka paphulusa pamene anagona n'kudzadziwongola pafupi ndi mbuyake. Akakowa amafika m'magulu, oyera mbee, kudzadikira ng'ombe kuti azikatola ziwala zimene zimauluka pamene ng'ombezo zikuponda udzu. Mlimi naye amaima kanthawi, chikho cha tiyi chili m'manja, msana akuothera dzuwa pamodzi ndi ziweto zake.

Sakhalitsa, chifukwa Juni ndi mwezi wotuta. Ng'ombe zapagoli zimakoka bwino kukali kozizira, motero amazimanga pa ngolo msanga kuti zikatute chimanga kapena thonje dzuwa lisanawawe. Zotsalazo mbusa amazikusira kumtsinje kukamwa madzi, kenaka m'minda yokolola kale kumene zimadya mapesi. Mwana wa sukulu amapereka ndodo kwa mkulu wake, n'kusamba msangamsanga, pakuti belu silidikira munthu.

Mafunso

1. Kodi Sharpevale ali m'chigwa chiti, ndipo m'boma liti?
2. Fotokozani chifukwa chake m'chigwa mumazizira kwambiri dzuwa likakhala pafupi kutuluka.
3. Tchulani zizindikiro zitatu za ng'ombe yodwala.
4. N'chifukwa chiyani thole limayamba layamwa wokama asanayambe ntchito yake?
5. Kodi mbuzi zimatsegulidwa mochedwa chifukwa ninji?
6. Pangani ziganizo ndi mawu awa: kubzikula, linunda, chambiko, mapesi, chitatanga.