Chimanga chomwe tinaphikira Kambuku

Chaka chimenecho mvula inachedwa kusiya, ndipo chimanga tinakolola chisanaumitsitse. Matumba awiri omwe anatsamira khoma la kuseri anayamba kununkha chinyontho. Titamasula tinapeza njere zina zada, zina zili ndi kafumbi kobiriwira. Amayi anapeta, nasankha zabwino, zotsalazo n'kuzithira m'ndowa.

"Ichi anthu sangadye," anatero. "Ukagayitse padera, tiziphikira galu."

Sindinawiringule. Kwathu n'chizolowezi: mkute wosasa, ndiwo zogona, nsomba yoyamba fungo, zonse timaponyera galu. Timati m'mimba mwake ndi mwachitsulo.

Kambuku anali ndi miyezi inayi, kagalu kamiyendo italiitali kokonda kutafuna masilipasi. Tsiku lililonse kankadya nsima ya mgaiwa wa chimanga chija, kakugwedeza mchira. Patatha masabata ngati awiri kanayamba kungonunkhiza mbale n'kuchoka. Kenako kusanza. Kankagona pansi pa nkhokwe tsiku lonse, nkhuku zikudutsa pamphuno pake osazithamangitsa. Ine ndinkati ndi njoka zam'mimba, ndinagula mankhwala, koma sizinathandize. M'mawa wina ndinaona maso ake ali achikasu, chimbudzi chakuda chosakanikirana ndi magazi.

Ndinamuika m'katoni, n'kumanga pakaliyala ya njinga, ulendo kwa dokotala wa ziweto. Iwo anatukula mlomo wake n'kundionetsa usinini: wachikasu ngati dzira.

"Bambo, galuyu amadya chiyani?"

Nditafotokoza, anapukusa mutu. Anati chuku chomera pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Mawu omwe anandilasa kwambiri ndi akuti kuphika sikumuthetsa poizoniyu. Ine ndinkadzitonthoza kuti nsima yapsa pamoto, choipa chonse chafa. Anatinso galu ndi chimodzi mwa ziweto zosachedwa kugonja naye, makamaka kagalu kathupi laling'ono kodya ufa womwewo tsiku ndi tsiku. Mankhwala ochotsa poizoniyu m'thupi kulibe. Anamuika diripi, koma tsiku lachitatu Kambuku anafa.

Mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu, ndipo atayeza anam'pezanso mu ufa wina wogulitsidwa kwa anthu. Nditamva, ndinakumbukira ndowa ija, ndi kuti chimanga chomwe tinadya ifeyo chinachokera m'matumba omwewo.

Pano tili ndi galu wina, ndipo ufa wake ndi womwe timadya ife. Ali wamng'ono ndinkamupatsa phala kanayi pa tsiku, losakaniza ndi dzira lowiritsa kapena bonya wosinja, chifukwa nsima yokha imadzaza mimba koma siimanga mafupa ndi minofu ya galu amene akukula. Atakula, kawiri pa tsiku kumamukwanira. Msuzi wa anyezi sindimuthirira, pakuti anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu pang'onopang'ono. Mafupa a nkhuku ophika ndimataya m'dzenje. Amasweka ngati singano ndipo amatha kuboola matumbo. Mkaka wa ng'ombe umamutsegula m'mimba, ndiye ndinasiya. Ndikapeza ndalama ya chakudya cha m'mapaketi, ndimayang'ana ngati n'cha ana agalu kapena cha akuluakulu, ndi tsiku lothera ntchito, kenako ndimachisunga m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi khoma lonyowa, popeza nachonso chimachita chuku.

Ufa wotsala wa Kambuku sindinaupereke kwa nkhuku kapena nkhumba, ngakhale amayi anadandaula kuti ndikutaya chakudya. Ndinakumba dzenje lakuya kumapeto kwa munda, ndinaukhuthulira momwemo, n'kukwirira, n'kuikapo mwala pamwamba kuti agalu a anzathu asafukule.