Katemera Wobwereza: Zimene Anyani Atiphunzitsa

Kachirombo ka korona kamasinthasintha, monga zinachitikira mu 2021 pamene kunabuka mtundu wa Omicron. Kodi katemera wakale angathandizebe?

Akatswiri a ku America anayesa zimenezi pa anyani a mtundu wa macaque, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2022. Anyaniwo anali atabayidwa kawiri katemera wa Moderna, koma patapita miyezi chitetezo chinachepa. Ena anawabayanso katemera wakale yemweyo, ena wopangidwira Omicron. M'magulu onse awiri asilikali a m'thupi anachulukanso ndipo mapapo anatetezedwa mofanana, ngakhale kuti m'mphuno chitetezo chinali chochepa.

Anzanga, thupi limafuna kulikumbutsa za mdani, monga ife timabwerezera notsi mayeso akayandikira. Komabe nyani si munthu, n'chifukwa chake katemera amayesedwanso pa anthu.